MPMS3 ya Quantum Design: kodi ingakuuzeni kuchuluka kwa maatomu omwe asokonekera mu filimu ya oxide?

Aliyense amene amapanga mafilimu opyapyala a oxide, kaya ndi njira ya PLD (pulsed laser deposition), ya sputtering kapena ya MBE (molecular beam epitaxy), amafika pa funso limodzi filimu ikangotuluka m'chipinda chopangira: kodi maatomu akhala aliyense pamalo pake? Ambiri amanyamula sampulo n'kupita nayo ku SQUID, makina omva kwambiri oyezera maginito a chinthu, ndipo m'malabotale ambiri masiku ano SQUID imeneyo ndi MPMS3 ya kampani ya Quantum Design ya ku San Diego. Maganizo anga pa makinawa ndi awa: poyeza moment (mphamvu ya maginito) yonse ya chinthu chomwe mwaikamo, ndi abwino kwambiri ndipo ndi ochepa omwe angafanane nawo. Koma nambala yoti maatomu asokonekera mochuluka bwanji sichokera m'makina. Imachokera m'masamu omwe inu mumachita mukamaliza kuyeza, ndipo zolakwika zambiri zimalowera pamenepo.

Makinawa ali ndi maginito a superconductor opereka field (mphamvu ya maginito yoikidwa pa sampulo) yofika 7 T, amayeza kuyambira 1.8 K mpaka 400 K, ndipo mukagula ng'anjo yapadera amafika 1000 K. Njira zoyezera zilipo zitatu. Pa DC scan sampulo imayenda masentimita angapo kudutsa m'makoyilo a gradiometer, kenako kompyuta imafananiza chizindikirocho ndi cha kadontho kamodzi ka maginito. Pa VSM sampulo imanjenjemera pafupifupi ka 14 pa sekondi pakati pa makoyilo, ndipo makina amawerenga chizindikiro chomwe chimabwera pa liwiro lowirikiza kawiri. Yachitatu ndi AC, pomwe sampulo imayezedwa mu field yaing'ono yosinthasintha mbali. Kampani imalonjeza kuti makina amamva moment yochepa ngati 1×10⁻⁸ emu (muyezo wa moment) pa field yotsika ndi 8×10⁻⁸ emu pa 7 T, ndipo field imasintha mpaka 700 Oe pa sekondi (10,000 Oe ndi 1 T). Amene anazolowera MPMS-XL yakale amaona kusiyana pa nthawi: hysteresis (muyeso wa moment pokweza ndi potsitsa field) yomwe inkadya usiku wonse imatha m'ola limodzi kapena awiri.

Titenge Sr2FeMoO6 chifukwa masamu ake ndi osavuta. Gulu la Kobayashi ndi Tokura linaitchukitsa mu 1998 litaonetsa magnetoresistance yake (kusintha kwa momwe imakanira magetsi ikaikidwa mu field) pa kutentha kwa m'chipinda. Ikapangika bwino, Fe ndi Mo zimakhala mosinthana m'mbali zonse zitatu, Fe kenako Mo, Fe kenako Mo. Fe3+ imapereka 5 μB (Bohr magneton, muyezo wa moment ya atomu), Mo5+ imapereka 1 μB moloza kwina, zotsala ndi 4 μB pa formula unit iliyonse (Sr2FeMoO6 imodzi). Fe ikakhala pamalo a Mo, chomwe timachitcha antisite, imapezeka yazunguliridwa ndi ma Fe anzake, ndipo mgwirizano wa Fe-O-Fe umaikakamiza kuloza motsutsana nawo. Kusinthana kumodzi kotere kumachotsa 8 μB. Ndiye pali lamulo lomwe aliyense amagwiritsa ntchito, lakuti Ms = 4 − 8x, pomwe Ms ndi moment ya chinthu chikakhuta, kutanthauza moment ikasiya kukwera ndi field, ndipo x ndi gawo la malo a Fe omwe alandidwa ndi Mo. x ikakhala 0.1 mumapeza 3.2 μB, ikafika 0.5 palibe chotsala.

Tsopano tione kukula kwa chizindikiro. Formula unit imodzi imatenga pafupifupi 123 Å³, choncho 4 μB ndi pafupifupi 300 emu/cm³. Filimu ya 50 nm pa substrate (kambale komwe filimu imamerapo) ya 5 mm × 5 mm ili ndi voliyumu ya 1.25×10⁻⁶ cm³, moment yake ndi 3.8×10⁻⁴ emu. Ya x = 0.1 ipereka 3.0×10⁻⁴ emu. Kusiyana kwa ziwirizi n'kokulirapo maulendo pafupifupi 1,000 kuposa malire a makina pa 7 T. Pa mfundo iyi MPMS3 ilibe chitonzo, phokoso la makina silikusowetsani tulo ngakhale filimu itakhala ya 5 nm.

Vuto ndi lakuti sikelo imayeza dengu pamodzi ndi zomwe zili m'dengumo. Substrate ya SrTiO3 ya 5 × 5 × 0.5 mm imalemera pafupifupi 64 mg, ndipo ndi ya diamagnetic (moment yake imaloza motsutsana ndi field), pafupifupi −1×10⁻⁷ emu pa galamu pa oersted. Pa 7 T imapereka pafupifupi −4.5×10⁻⁴ emu, kuposa filimu yonse ija. Mukayang'ana deta yosakonza, mzere umakwera msanga pa field yotsika, kenako umatsetsereka mpaka kudutsa ziro. Chizolowezi ndi kutenga mfundo za pakati pa 4 T ndi 7 T, kujambula mzere wowongoka, n'kuchotsa kutsetsereka kwake pa deta yonse. Zotsatira zake zimaoneka zokongola, hysteresis imagona chathyathyathya pamwamba ngati filimu yakhuta.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa njira imeneyi imafufuta umboni weniweni womwe mukufunafuna. Filimu yosokonekera siikhuta msanga. Ma spin (timaginito ta maatomu) a pafupi ndi antisite, kapena a pa antiphase boundary pomwe zigawo ziwiri za kristalo zakumana zitasemphana ndi theka la sitepe, amakokedwa mbali ziwiri, ndipo field imangowatembenuza pang'onopang'ono. Izi zinaonetsedwa bwino pa Fe3O4 yomera pa MgO: gulu la Margulies linalemba mu 1996 ndi 1997 kuti mafilimu amenewa sakhuta ngakhale pa 7 T, pamene kristalo yaikulu ya magnetite imakhuta pa field yochepa kwambiri, ndipo chifukwa chake chinapezeka kuti ndi ma antiphase boundary. Kukwera kwapang'onopang'ono kumeneko kumaoneka pafupifupi ngati mzere wowongoka. Mukachotsa mzere wa 4 T mpaka 7 T mwachotsa zinthu ziwiri pamodzi, diamagnetism ya substrate ndi kukwera kwa filimu, ndipo Ms yomwe mwapeza imasintha malinga ndi pomwe mwayambira kujambula mzere. Yesani nokha: yambirani pa 3 T, kenako pa 5 T. Ngati Ms yasintha ndi maperesenti oposa awiri kapena atatu, filimu yanu sinakhute.

Njira yabwino ndi yotopetsa koma ndi yokhayo yomwe ndingaivomereze. Yezani substrate yomweyo musanameretse filimu, pa chogwirira chomwecho, moloza mbali yomweyo, pa kutentha komwe mudzayezere filimu. Ngati zimenezo sizitheka, tengani substrate ya m'bokosi lomwelo, ipititseni m'kutentha ndi mpweya womwewo popanda kumeretsa kanthu, iyezeni kulemera pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 mg, ndipo muchotse moment yake molingana ndi kulemera. Mapulogalamu a MultiVu, oyendetsera makinawa, amalemba moment yonse ndi deta yosakonza ya scan iliyonse, choncho zofunika zonse zilipo. Chomwe makina sachita ndi kukuchenjezani kuti mwachotsa mopitirira.

Mtundu wa substrate umasintha zambiri. MgO kawirikawiri imakhala ndi timaatomu ta Fe ndi Mn tomwe tinalowa popanga kristalo, ndipo pansi pa 20 K timapereka moment ya paramagnetic (yoloza mbali ya field) yomwe imakwera ngati 1/T ndiponso imapindika ndi field. Kupindika kumeneko sikuchoka ndi mzere wowongoka, ndipo anthu amakuwerenga ngati moment yoonjezera ya filimu. NdGaO3, GdScO3 ndi DyScO3 ndi za paramagnetic mwamphamvu moti filimu ya 20 nm imamira m'chizindikiro chawo pa kutentha kotsika. SrTiO3, LaAlO3 ndi LSAT n'zosavutirapo, ngakhale SrTiO3 imasintha kapangidwe pa 105 K ndipo kachidindo komwe mungaone pa M(T), mzere wa moment ndi kutentha, pamenepo n'ka substrate yomwe ikukoka filimu, osati kusintha kwa maginito kwatsopano.

Chofooka chachiwiri ndi cha makina enieniwo, ndipo Quantum Design imachilemba poyera m'mabuku ake. MPMS3 siyeza field pamalo pa sampulo, imawerengera kuchokera ku magetsi omwe akuyenda m'maginito. Waya wa superconductor umagwira flux, ndiye mukatsika kuchokera ku 7 T n'kulamula ziro, pa sampulo pamatsala field yoloza mbali yotsutsana yomwe imatha kufika 20 Oe kapena kuposerapo. Ikani sampulo ya palladium yomwe imabwera ndi makina ndipo muyeze hysteresis: mudzaona kachizungulire kotembenuzika pa chitsulo chomwe chilibe hysteresis konse. Pa substrate ya diamagnetic kachizungulire komweko kamatembenuka n'kuoneka ngati ka ferromagnet. Pa SrTiO3 ija, 20 Oe ndi pafupifupi 1.3×10⁻⁷ emu. Pa Sr2FeMoO6 ya 50 nm izi sizikhudza Ms, ngakhale zimapotoza coercivity (field yofunika kubweza moment pa ziro) ngati ili yochepa. Koma amene akunena kuti ma vacancy a okosijeni (malo omwe atomu ya okosijeni yasowa) abala ferromagnetism mu ZnO kapena TiO2, ndipo chizindikiro chake n'cha 10⁻⁷ emu, ayenera kuonetsa kuti wakonza field ndi palladium poyendetsa ndondomeko yofanana ndendende ya ma field ndi liwiro. Musanayambe ZFC (kuyeza mutaziziritsa sampulo popanda field), tsitsani field mwa oscillate (moisinthasintha mbali uku ikuchepa) kuchokera pa 2 T kapena 3 T, kenako gwiritsani ntchito magnet reset, zonsezi sampulo ili pamwamba pa Tc yake, kutentha komwe ferromagnetism yake imathera. Field yotsala ya ma oersted ochepa chabe imatha kupangitsa mzere wa ZFC kuyamba pansi pa ziro, ndipo zimenezi zalembedwapo kambirimbiri ngati chinthu chatsopano.

Kumva kwambiri kwa makinawa kumatanthauzanso kuti amamva dothi. Mu 2004 gulu la Coey linalengeza ferromagnetism m'mafilimu a HfO2, chinthu chopanda atomu ya maginito. Chaka chotsatira Abraham, Frank ndi Guha anaonetsa kuti kugwira sampulo ndi tweezers za chitsulo cha stainless kumapereka chizindikiro chofanana nacho. Masamu ake ndi oopsa: chitsulo cha Fe chili ndi pafupifupi 220 emu pa galamu, ndiye 5 ng yokha ikupereka 1×10⁻⁶ emu. Gwiritsani ntchito tweezers za pulasitiki kapena ceramic kuyambira tsiku lomwe substrate yatuluka m'bokosi. Palani silver paste yonse kumsana kwa substrate, chifukwa imanyamula tizidutswa ta mbale yotenthetsera, yomwe nthawi zambiri ndi ya chitsulo chokhala ndi Ni ndi Fe. M'mbali mwa substrate, momwe macheka anadutsa, mumakhalanso zitsulo. Pa zogwirira, quartz paddle ndi yoyera kuposa ya brass ndipo ndi yomwe ndingasankhe pa filimu yoyezedwa field ili chogona (motsatana ndi filimu), koma imathyoka msanga. Matani sampulo ndi kadontho kochepa ka GE varnish, kofanana mbali zonse. Pa field yoimirira pa filimu anthu ambiri amabwerera ku straw ya pulasitiki ndi DC scan, chifukwa pa VSM sampulo yosagwira bwino imagwedera ndipo moment imadumphadumpha. Kumbukiraninso kuti moimirira, Sr2FeMoO6 imafuna pafupifupi 3.8 kOe kungogonjetsa demagnetization, field yotsutsa yomwe filimu imadzipangira yokha.

Pali dothi lina lomwe limabadwira mu filimu momwemo. Sr2FeMoO6 imafuna okosijeni wochepa kwambiri pomera. Akachuluka mumapeza SrMoO4, yomwe ilibe maginito, imangodya voliyumu n'kutsitsa Ms ngati kuti ma antisite achuluka. Akachepa kwambiri mumatuluka timibulu ta chitsulo cha Fe, cha 1,700 emu/cm³, ndipo 1 peresenti yokha ya voliyumu imaonjezera 17 emu/cm³, kapena kuti 0.2 μB pa formula unit. Filimu yoipa imaoneka ngati yabwino. Njira yogwira Fe ameneyu ndi kuyeza hysteresis pamwamba pa Tc ya filimu, chifukwa Fe amakhalabe ferromagnet mpaka 1043 K. Apa malire a 400 K amapweteka, popeza Tc ya Sr2FeMoO6 yabwino ili cha m'ma 420 K. Mufunika ng'anjo. Ng'anjoyo imagwira ntchito, koma sampulo imamatidwa ndi simenti yapadera pa kandodo kotenthetsera, imakutidwa ndi kapepala kopyapyala ka kopa, ndipo imatenthedwa mu vacuum. Oxide yotenthedwa mu vacuum imataya okosijeni. Pitani pa 450 K kapena 500 K basi, osakhalitsa, ndipo mukatsika bwerezani muyeso wa pa 300 K kuti mutsimikize kuti sampulo ndi yomwe ija. Chitani izi pomaliza, miyeso ina yonse itatha.

Tibwerere ku lamulo la 4 − 8x. Makina apereka emu, inu mukufuna μB pa formula unit, ndipo pakati pake pali voliyumu. Mukalakwitsa makulidwe ndi 5 peresenti mwalakwitsa Ms ndi 0.2 μB, ndiye kuti x yasuntha ndi 0.025. Filimu ya x = 0.05 ingaoneke ngati ya 0.025 kapena 0.075. Makulidwe atengeni ku X-ray reflectivity ya sampulo yomweyo, osati kuwerengera ma pulse a laser. Malo omwe filimu yaphimba ayezeni pa chithunzi cha maikulosikopu, kuchotsa pomwe zopanira zinaphimba ndi ngodya zobenthuka. Palinso nkhani ya maonekedwe a sampulo. Makina anakonzedwa ndi kasilinda kakang'ono ka palladium, pamene yanu ndi mbale ya 5 mm, ndipo moment yolembedwa imasiyana ndi yeniyeni ndi maperesenti angapo, mosiyana pa field yogona ndi yoimirira, mosiyananso pa DC ndi VSM. Quantum Design imapereka pulogalamu yowerengera chiwongolero chimenechi, igwiritseni ntchito ndipo lembani amplitude yomwe munayezera. Sampulo ikapatuka pakati pa chubu moment imakwera. Chizindikiro chosavuta ndi ichi: Ms ya field yogona ndi ya field yoimirira ziyenera kufanana filimu ikakhuta, zikasiyana vuto ndi la kaikidwe. Yatsaninso auto-tracking kapena bwerezani centering (kuika sampulo pakati pa makoyilo) kutentha kukasintha kwambiri, chifukwa ndodo imafupika ikazizira.

Ngakhale zonsezi zitakonzedwa, Ms yotsika ili ndi zifukwa zingapo zomwe MPMS3 singazilekanitse: ma antisite, ma antiphase boundary, ma vacancy a okosijeni, kuchuluka kwa Fe kuposa Mo, kapena kachigawo kakufa pamalire a filimu ndi substrate. Pa Sr2FeMoO6 mwayi ulipo, chifukwa Fe ili ndi ma elekitironi 26 ndipo Mo ili ndi 42, choncho X-ray imaziona mosiyana. Peak ya (101), cha pa 2θ = 19.5° ndi Cu Kα, imaoneka pokhapokha Fe ndi Mo zasinthana mwadongosolo, ndipo mphamvu yake imakupatsani x yosadalira maginito. Pa filimu yomera moloza (001) peak imeneyi siili pa scan wamba, muyenera kupendeketsa sampulo. Manambala awiriwo akagwirizana, mwapeza yankho. Akasiyana, kusiyanako kukuuzani kuti pali chifukwa china. Pa La2NiMnO6 zinthu n'zovutirapo popeza Ni ndi Mn zimafanana kwambiri pamaso pa X-ray, ndipo pamafunika resonant diffraction ku synchrotron, kapena XMCD yomwe imayeza moment ya atomu ya mtundu umodzi payokha.

Pomwe MPMS3 imandisangalatsa kwambiri ndi pa M(T), chifukwa kaonekedwe ka mzere sikadalira voliyumu. La2NiMnO6 yadongosolo ili ndi Tc cha pa 280 K ndi 5 μB pa formula unit. Yosokonekera imaonetsa kusintha kwachiwiri cha m'ma 150 K, kapena kutsika kotambalala komwe kulibe malo amodzi ogwera. La0.7Sr0.3MnO3 yomwe yasowa okosijeni imatsitsa Tc kuchoka cha pa 370 K. Pa Fe3O4, Verwey transition (kusintha kwadzidzidzi kwa kapangidwe ka kristalo) ya cha pa 120 K imatambalala n'kutsika filimu ikakhala yosokonekera. Kutentha kwa makinawa n'kokhazikika moti m'lifupi mwa peak ya dM/dT (kutsetsereka kwa mzere wa M(T)) mungamufananize pakati pa masampulo molimba mtima, bola muyende 2 K pa mphindi kapena kuchepera, pa field yofanana ya 100 Oe mpaka 500 Oe, nthawi zonse mukutenthetsa. Mukathamanga 10 K pa mphindi sampulo imatsalira m'mbuyo mwa thermometer ndipo Tc imasuntha. Kachitunda kakaoneka pakati pa 40 K ndi 55 K, musafulumire kukapatsa dzina: ndi okosijeni wa mumpweya yemwe waundana pafupi ndi sampulo. Bwererani ku 300 K, chitani purge kangapo, yang'anani ma O-ring, muyezenso.

Kupatukana kwa ZFC ndi FC (kuyeza mutaziziritsa field ilipo) sikutanthauza spin glass, pomwe ma spin amaundana moloza mbali zosiyanasiyana. Ferromagnet iliyonse yomwe coercivity yake ikuposa field yoyezera imachita zimenezo. Umboni weniweni umafuna AC, pomwe peak imasuntha ndi frequency, pang'ono kwambiri pa spin glass ndi mokulirapo pa timagulu ta superparamagnetic. AC ya MPMS3 imayenda kuyambira 0.1 Hz mpaka 1 kHz ndi field yosapitirira 10 Oe, ndipo pa filimu ya ma nanomita makumi ochepa chizindikiro nthawi zambiri chimakhala pafupi ndi phokoso. Musanalipire gawo limeneli chifukwa cha mafilimu okha, yesani kaye sampulo yanu pa makina a labotale ina. Kuyeza momwe moment imatsikira ndi nthawi mutazimitsa field kumatheka ndi DC yomwe muli nayo kale.

Sikuti kusokonekera kumangochepetsa maginito nthawi zonse. ZnFe2O4 yadongosolo ili ndi Fe yonse pamalo a octahedral ndipo imakhala antiferromagnet pansi pa 10 K basi. Mu filimu yomera pa kutentha kotsika, Fe ina imalowa pamalo a tetrahedral a Zn, mgwirizano wamphamvu wa pakati pa malo awiriwa umayamba, ndipo filimu imakhala ferrimagnet pa kutentha kwa m'chipinda. Kwa zoterezi MPMS3 ndi chida choyenera ndithu, chifukwa sampulo imodzi mutha kuiyeza, kuitenthetsa mu okosijeni kuti maatomu abwerere m'malo, n'kuiyezanso. Substrate, voliyumu ndi kaikidwe zimakhala zomwezo, ndiye zolakwika zambiri zomwe ndatchula zimadzichotsa zokha.

Kwa labotale yomwe ikuganiza zogula, quartz paddle zingapo zapadera ndi ng'anjo ndi zofunika ngati mukugwira ma double perovskite monga Sr2FeMoO6 kapena ma ferrite monga ZnFe2O4. Gawo la ultra-low field ndi la amene amayeza ZFC pa zinthu za coercivity yochepa kwambiri. Funso la helium liyankheni musanasaine kanthu: makinawa amadya helium yamadzi, ndipo komwe kuipeza n'kovuta mtundu wa EverCool, womwe umaziziritsanso mpweya wake n'kuubweza, ndi womwe ungagwire ntchito chaka chonse, ngakhale umafuna magetsi osadukaduka, madzi oziziritsira compressor ndi kukonza cold head nthawi ndi nthawi. Ngati mafilimu anu onse ndi okhuthala kuposa 100 nm ndipo moment yawo ili pamwamba pa 10⁻⁴ emu, VSM ya pa PPMS, makina ena a Quantum Design, ikukwanirani, ndipo ndalama zotsalazo zingapite ku diffractometer yokhoza kupendeketsa sampulo.